Bakiteriya Wovala Chiguduli

Lolemba

Chipinda chatha! Malata akhoma, chitseko aika, loko ndi watsopano. Njerwa anaumba makolo okha, ndipo Loweruka komiti yawo ikhala pansi kuti igamule: chipindachi chikhale labotale, kapena mosungira chimanga chimene amasonkha cha phala la ana.

Ahedi athu, a Kachingwe, akufuna mosungira chimanga. Sindikuwadabwa. Chimangacho panopa chimagona pabalaza kunyumba kwawo, ndipo makoswe ayamba kulawa mipando ya akazi awo. Ine ndikufuna labotale. Maikulosikopu ya sukulu ili m'katoni pansi pa bedi langa chibwerere changa pano, chifukwa palibe kalasi imene imakhomeka. Ana anga a bayoloje amaidziwa pachithunzi basi. Amaijambula mokongola, ndi timivi toloza mbali zake zonse, osadziwa kuti ikugona ndi nsapato zakutha za aphunzitsi awo.

Ndapempha komiti kuti ibwere Lachisanu idzaone ntchito ya sayansi. Wapampando, a Mbewe, amenenso ndi mkulu wa mpingo wathu, avomera: "Tibwera, aphunzitsi, koma zisatalike. Tili ndi mtedza wokumba."

Ndiwaonetsa sewero. Anthu a kuno ukamawalankhula amasinza, koma ukawachitira sewero amaiwala ndi ndiwo zomwe pamoto. Mutu wake: bala limatupiranji? M'komitimo mulibe amene sanadzitemepo ndi khasu, ndiye wina asadzati nkhaniyi siikumukhudza.

Ndilembe mfundo kuti mawa ndisazungulire:

— Bakiteriya ali ndi chikhungwa cholimba kunja kwake. Maselo athu alibe chikhungwa chotere.
— Pansi pa khungu lathu pali maselo olondera. Ali ndi tizala tokhudzira, mabuku amati TLR. Timabadwa nato, palibe amene amatiphunzitsa.
— Mlondayo safunsa dzina, safunsa kuti wadzatani. Tizala tikangokhudza chikhungwa, basi, mfuu.
— Mfuu ikamveka, mitsempha ya magazi imatseguka, madzi ndi asilikali a m'thupi amakhamukira pabalapo. Ndiye kufiira, kutentha, kutupa, kuwawa.
— Ngakhale bakiteriya atafa, kachidutswa ka chikhungwa chake n'kokwana kudzutsa mfuu.
— Mfuu ikafalikira thupi lonse, munthu amatha kufa ndi asilikali ake omwe.

Zosavuta. Loweruka kiyi ndi wanga!

Lachiwiri

Kugawa mbali. Fomu 3 yonse ikufuna usilikali. Ngakhale ana amene amathawa kutchetcha bwalo, lero ndi okonzeka kufera thupi. Ubakiteriya palibe akuufuna. Mtsikana wina wati: "Ine ayi, Madamu, angamanditche dzinalo mpaka tsiku la ukwati."

Kenako dzanja lakwera kumbuyo. Yamikani! Mnyamata wamtali amene sanayankhepo funso langa chiyambire Fomu 1.

"Bakiteriya amalankhula, Madamu?"

Ayi, salankhula.

"Ndiye ndine."

Wakoka anzake awiri a pabenchi yomweyo. Mabakiteriya atatu akwana.

Mlonda ndi Takondwa, mtsogoleri wa kalasi, amene akamaitana mnzake mawu amafika kuchigayo. Akufunika chokuwira. Ndapempha wezulo kwa aphunzitsi a masewera, akana, ati wezulo ndi wa mpira. Mpira wake umene tinagonja ndi ana a pulayimale! Chabwino. Tabwereka ng'oma kupulayimale komweko.

Zovala. Ahedi andipatsa ziguduli zitatu zakale za sukulu, ndi chenjezo pamwamba: "Zibwere zosabooka, Madamu. Chimanga chikudikira." Akulankhula ngati komiti yagamula kale. Ndangoti zikomo, mano ali chilumire.

Pachithunzi cha m'buku, chikhungwa cha mabakiteriya ena chili ndi timaunyolo ta mafuta ndi shuga totuluka ngati ubweya. Amati LPS, ndipo timeneti ndi timene mlonda amakwiya nato kwambiri. Ndatuma ana akadule khonje. Tasokerera zingwe zake pachiguduli chonse, lende lende, ndi nsanza zofiira apa ndi apo kuti a kumbuyo adzaone bwino. Chikhungwa chimakuta bakiteriya yense, ndiye chiguduli chiyambire kumutu. Yamikani wayenda kawiri n'kugunda desiki. Ndaboola maso awiri pachiguduli chilichonse. Ahedi asadziwe.

Miyendo ikuonekabe kuti ndi ya anthu. Ndati mawa adzadzole phulusa.

Wina waseka pang'ono, mnzake wamugunda ndi chigongono. Takondwa wati: "Madamu, mukutsimikiza?"

Ndamuuza kuti ndinaphunzira zimenezi iye asanamere mano. Ana a masiku ano, chilichonse chatsopano akuchiopa.

Lachitatu

M'kalasi mwathu alembetseramo mayeso a masamu, ndiye tikuyeserera panja. Mpanda wa kuseri uli ndi chiboo chimene ana ochedwa amalowera. Ndati mpandawo ndi khungu, chiboocho ndi bala. Nzeru zimenezo! Mabakiteriya akabisale m'mabulugamu kunja kwa mpanda, ndikakweza dzanja atulukire akuthamanga.

Kuseri kwa mabulugamu kuli manda. Ndimadziwa, aliyense amadziwa. Sindinaganize.

Ndakweza dzanja. Takondwa anayenera kudikira kuti akhudze chiguduli kaye, koma manja amuyabwa, wayamba ng'oma nthawi yomweyo. Zinthu zitatu zakhonje, zamiyendo yaphulusa, zatuluka m'mitengo. Ndipo Yamikani, mwana wosalankhula uja, kodi luso lonse anabisa m'miyendo! Akuponda, akutembenuka, fumbi koboo.

Njira ya kumjigo imadutsa m'mbali mwa mpanda womwewo. Ndi nthawi imene ana a pulayimale amaweruka.

Zimene zaonongeka:

— ndowa ziwiri za amayi ochokera kumjigo
— beseni la mandasi la mayi wa pageti, agalu athandiza kutola
— bondo la kamwana ka Sitandade 2
— kabaza mmodzi wagwera m'ngalande pamodzi ndi womukweza
— dzina langa

Chondipweteka n'chakuti ine ndikuomba m'manja. Ndikukuwa kuti mwaona, ndi momwemo, mfuu imafalikira chonchi! Mpaka mayi wina wakuwa ali kutali: "Gule pasukulu! Gule watuluka pasukulu!"

Pamenepo ndayang'ananso bwino. Mayo ine.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pamishoni ku Ntchisi. Ng'oma zikangomveka kutsidya, amayi ankatikokera m'nyumba n'kutseka mazenera. Tikakumana nazo panjira, tinkathawa osacheuka. Gule ndimamudziwa ndi makutu ndi miyendo, maso anga sanamuonepo n'kumumaliza. Ndakulira m'mapiri omwe ano, ndapita kukoleji, ndabwerako, n'kudzasoka ndi manja anga chinthu chimene mwana wa zaka zitatu wachizindikira ali patali. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Takondwa akubweza ng'oma wati: "Tinakufunsani dzulo, Madamu." Ndamva manyazi mpaka m'mafupa.

Lachinayi

Ahedi apereka moni kwa aliyense mu ofesi, kwa ine apereka kwa khoma lakumbuyo kwanga.

Sindikugonja. Nkhani ndi yaing'ono, anthu angofunika kuona kuti ndi ziguduli wamba. Ndauza anyamata atatu aja akhale m'kalasi, asayandikire mpanda. Ndachapa ziguduli ndekha kuchotsa phulusa ndi fumbi, ndaziveka pansanamira za mpanda kuti ziume, aliyense wodutsa azione poyera.

Ndaiwala kuti lero ndi tsiku la amayi a chigwirizano. Akubwera m'njira yomweyo, mabulauzi oyera mbee, akuimba. Aona zinthu zitatu zaima pampanda, maso obooka, khonje akugwedezeka ndi mphepo. Nyimbo yaduka pakati. Abwerera, akazungulira kudimba, akafika kutchalitchi matope ali m'maondo. M'ziguduli mulibe munthu! Yamikani ali m'kalasi, akugona pa masamu.

Masana alendo.

Oyamba ndi a Mbewe. Akana mpando. "Ana a akhristu, aphunzitsi! Yamikani ali m'kalasi ya ubatizo, mukudziwa inu?" Ndawatsegulira buku, ndawaonetsa chithunzi cha bakiteriya ndi timaunyolo take. Ayang'ana nthawi yaitali. "Amene anajambula apayu Dowa sakumudziwa."

Pamenepo sananame.

Achiwiri ndi abambo awiri a kutsidya kwa mtsinje. Avula zipewa, akhala pabenchi, afunsa za umoyo wanga ndi wa makolo anga. Ulemu wake woopsa kuposa ukali wa a Mbewe. "Sitinabwere kudzakangana, amayi. Koma zinthu zili ndi eni ake. Sizoseweretsa ana." Za kudambwe sindizidziwa ndipo sindifunsa, koma ndikuona kuti zawapweteka, ndipo ndilibe chowatsutsa nacho. Ndapepesa. Ati kupepesa amva, koma kupepesa kwa pakamwa kumayenda ndi mbuzi.

Mbuzi ndili nayo imodzi.

A mpingo akuti ndabweretsa gule pasukulu. A kutsidya akuti ndanyoza gule pasukulu. Anthu amene amakangana ngakhale pamaliro, lero agwirizana pa ine. Abusa ayesa zaka zambiri kuyanjanitsa mudzi uno, ine ndakwanitsa ndi ziguduli zitatu.

Mnzanga wochokera ku Madisi akuti kumsika akunena kuti ndatsegula dambwe kuseri kwa ofesi. Ku Nachisaka akuti ndimavina ndekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa kuti sewero linali la chiyani.

Lachisanu

Ahedi alamula: sewero lichitike popeza komiti yaitanidwa kale, koma popanda chiguduli, popanda khonje, popanda phulusa, popanda ng'oma. Ndafunsa ngati ana aloledwa kubwera ndi miyendo yawo. Sanaseke.

Yamikani ali mu yunifomu, pachifuwa tamupachika pepala lolembedwa BAKITERIYA. Anzake awiri aja sanabwere, makolo awo awatsekera kunyumba. Takondwa ali ndi supuni ndi mbale.

Anthu adzaza! Komiti yonse yakhala kutsogolo, a Mbewe pakati, Baibulo lili pamwendo. M'mazenera muli mitu yokhayokha. Ena achokera ku Dzoole pa njinga. Musaganize kuti abwerera sayansi, amva kuti kusukulu kutuluka zinthu.

Yamikani walowa pakhomo akuyenda ngati wopita kukalandira chilango. Waima pamaso pa Takondwa. Takondwa wamukhudza paphewa, wakhudza malaya a yunifomu ofanana ndi ake omwe, wanditembenukira: "Madamu, ndikuwe chifukwa chiyani? Uyutu ndi Yamikani."

Mwanayo akunena zoona. Popanda chikhungwa mlonda alibe chokuwira, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Ndamunong'oneza kuti angomenya mbale. Ngwe, ngwe. Asilikali makumi atatu adzuka nthawi imodzi, atopa ndi kudikira sabata yonse, agwera Yamikani. Benchi lathyoka. Kumazenera munthu wakuwa: "Zomwezi basi? Tibwezereni ndalama za njinga!"

Ndikanangokhala chete. Koma ayi, ndaima kuti ndifotokoze mfundo yomaliza. Ndati nthawi zina bakiteriya amakhala ochepa, koma alonda amakuwa mopitirira, mfuu n'kufalikira thupi lonse, mitsempha yonse n'kutseguka, magazi n'kulephera kuyenda bwino. Ndati pamenepo chimapha munthu ndi phokoso la alonda ake, amene sanafunse n'komwe kuti m'chikhungwamo muli ndani.

Ndikulumbira, ndimanena za thupi. Mwina mawu anga anakwera pang'ono. Mwinanso ndinayang'ana kutsogolo nthawi yaitali.

A Mbewe atseka Baibulo limene silinali lotsegula bwino n'kale. "Tamva, aphunzitsi. Ndiye kuti olakwa ndife." Adzuka. Komiti yonse yadzuka.

Anthu atamwazikana, Yamikani watsala akutola zidutswa za benchi, mlomo uli wotupa. Wati: "Madamu, ziguduli zopanda munthu zimene amayi anathawa dzulo zija, ndiye bakiteriya wakufa uja eti? Chikhungwa chokha?"

Inde, mwana wanga. Ndendende.

"Nanga maikulosikopu ija tidzaiona liti?"

Mafunso awiri pa tsiku limodzi, mwana amene wakhala chete zaka zitatu. Ndamuuza kuti akachape mlomo ndi madzi a mchere.

Loweruka

Mbuzi yapita m'mawa. Sinacheuke n'komwe. Abambo aja athokoza mwaulemu, ati nkhani yatha, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa iwo yathadi. Anthu okhawo sabata ino amene anena chimene akufuna, n'kulandira, n'kupita.

Amayi aimba foni kuchokera ku Ntchisi. Mbiri yakwera mapiri. "Mwana wanga, bambo ako anagona ali mkhristu. Ukufuna adzuke?" Ndayamba kufotokoza za chikhungwa. Ati ndisawauze mayina a zinthuzo, sakufuna kuzidziwa.

Komiti yakhala m'chipinda chatsopano chomwecho. Ine andiuza ndidikire panja. Ndakhala pansi pa mtengo wa mango, katoni ili pamwendo. Inde, ndabwera nayo maikulosikopu. Ndimati mwina wina anena kuti tiione kaye tisanagamule. Ndapukuta magalasi ake, ndabweretsa ndi kachidutswa ka anyezi koti ndiwaonetse. Mtima wa munthu ndi wopusa.

Sanachedwe. Ndikumva kuseka, kenako pemphero.

Atuluka a Kachingwe, nkhope ili ngwee. Ati komiti yaona kuti sayansi ndi yabwino, koma ana athu sanakhwime, ndipo ngati popanda chipinda zafika apa, nanga atapatsidwa chipinda? Ndiye chikhala mosungira chimanga, pakadali pano. "Pakadali pano" wa pasukulu ino ndimamudziwa. Chimbudzi cha aphunzitsi chili pakadali pano chiyambire ine ndisanabwere.

Kenako apisa m'thumba. Kiyi!

"Komiti yaonanso kuti inu, Madamu, mumachikonda chipindachi kuposa tonse, komanso za anankafumbwe mumazidziwa. Ndiye muzisunga ndinu. Muzithira mankhwala, muzitchera makoswe, muzitsegulira ophika phala m'mawa uliwonse."

A Mbewe agwedeza mutu movomereza. Ati ndi njira yondithandiza kuti anthu andikhulupirirenso.

Ndalandira ndi manja awiri, ndagwada pang'ono, monga anandilerera. Walira mvula walira matope. Ndinanena Lolemba kuti kiyi ndi wanga, ndipo ndi wangadi.

Ndikutembenuka, ahedi awonjezera: "Ndi ziguduli zija, Madamu. Ndamva kuti zili ndi maso. Lolemba tikuthira chimanga."

Ndayamba kusomola khonje madzulo ano. Singano ya matumba yandibaya chala chachikulu, yalowa ndithu. Ndangoyamwa magazi n'kupitiriza.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Amayi a chigwirizano andisiyira malo ambiri, munthu angathe kugona. Pazolengeza ati nkhani ya mnyamata wa m'kalasi ya ubatizo yaunikidwa, ndipo apitiriza kalasi yake, popeza anasocheretsedwa ndi wamkulu. Dzina la wamkuluyo sanatchule. Sizinafunike, makosi onse atembenuka okha. Bola mwanayo wapulumuka. Kunja anzake akumuitana kuti Bakiteriya, ndipo iye akuvomera akumwetulira.

Katoni yabwerera pansi pa bedi. Nsapato zakutha zaisunthira malo.

Masana ndakhala pakhonde ndi ziguduli. Ndikudziwa kuti lero sitisoka, koma munthu amene anatsegula dambwe kuseri kwa ofesi angaopenso singano? Ndikutseka maso mmodzimmodzi. Asanu atsekeka, latsala limodzi, likundiyang'ana.

Chala chija sichikundilola kumaliza. Chafiira. Chatentha. Chatupa ngati mbatata. Chikugunda ngati ng'oma ya Takondwa. Zonse zinayi, mwadongosolo lake, monga ndinalembera Lolemba. Singano inalowa ndi dothi la chiguduli, tizala takhudza chikhungwa, mfuu yamveka, asilikali afika, ndipo pano sanapitirire malire. Ndachiviika m'madzi ofunda a mchere. Chikapanda kuphwa mawa ndipita kuchipatala ndikatha kutsegulira obweretsa chimanga.

Phunziro labwino chonchi, loonekera poyera, lopanda chiguduli ndi ng'oma, ndipo palibe wolionera. Ndachikweza m'mwamba kuti ndichione bwino padzuwa. Mayi wina wodutsa pamsewu waganiza kuti ndikumupatsa moni, wayang'ana kumbali, wafulumiza.

Mawa piriyodi yoyamba ndi Fomu 3. Ajambulanso maikulosikopu, ndi timivi take.